Kwa Amisiri a pa Boma la Ntcheu Amene Anakana Kufomata

Amisiri,

Zikomo. Dzina lanu sindilemba pano poti ndikudziwa kuti simukonda kutchuka, koma aliyense amene anatsikapo minibasi pa Ntcheu atakumbatira laputopu yodwala akulidziwa khonde lanu, benchi lanu, ndi katoni ya machaja imene imakhala kunsi kwa tebulo. Ndalemba poyera mwadala. M'boma lino muli aphunzitsi, alangizi a zaulimi, alembi a mipingo ndi a mabanki a m'mudzi amene amataya ntchito ya zaka zambiri chifukwa cha mawu amodzi aja akuti "tiyifomate", ndipo ndikufuna amve kuti pakhonde panu mawuwo amabwera pomalizira.

Ndikuthokozeni poyamba chifukwa cha laputopu yanga yakale, imene ena anali ataiweruza kale kuti yatha. Inafika kuno itagwira kale ntchito kwina, monga zimafikira zambiri: RAM ya 2 GB, disiki ya 320 GB, Windows 7 ali m'katimo. Kuyambira pa 14 Januwale 2020 Windows 7 anasiya kulandira zomuteteza zatsopano, pamene kusukulu kwathu fulashi imodzi imazungulira makompyuta a aphunzitsi onse. Vairasi ija yobisa mafoda n'kusiya zithunzithunzi zake zokha inali itakhazikika pakati pathu.

Zikomo chifukwa cha funso limene munayamba nalo musanagwire sikuludiraiva: "Aphunzitsi, kompyutayi mumagwirira ntchito yanji?" Ndinakuuzani za pirinta ya kusukulu imene imamvana ndi Windows yekha, ndi kapulogalamu kolembera malipoti a ana. Munagwedeza mutu n'kunena kuti Windows tisamuchotse, tingoikapo sisitimu yachiwiri pambali pake. Munasankha antiX, Linux wopepuka wochokera ku Debian, wopangidwira makina okalamba. Ambiri pa Ntcheu dzinali sanalimvepo. Inu munali mutamuyesa kale pa makina ofooka kuposa anga.

Ndimakumbukira katoni ya sopo imene munang'amba n'kujambulapo ndi bolopeni yofiira. Munati kumayambiriro kwenikweni kwa disiki kuli kachigawo ka mabayiti 512 kotchedwa MBR. Mabayiti 446 oyamba amasunga kapulogalamu kodzutsa kompyuta, 64 otsatira ndi kaundula wa mapatishoni, zigawo za disiki, ndipo awiri otsiriza ndi chidindo, 55 ndi AA, chouza makina kuti poyambira ndi pano. Patishoni iliyonse imatenga mabayiti 16 m'kaundulamo. Podziwa kuti ndimaphunzitsa masamu, munandipatsa bolopeni kuti ndigawe ndekha: 64 kugawa ndi 16, yankho 4. Malo ndi anayi basi, ndipo zakhala choncho kuchokera mu 1983.

Zikomo kuti simunathamange mutaona kuti malo anayiwo anali odzaza kale. Panali kapatishoni ka 100 MB kamene Windows 7 amadzukirapo, panali C, panali ya opanga laputopu yobwezeretsera zinthu mwakale, ndi D mmene ndinkasunga zanga. Wina akanangofafaniza kakang'onoko poganiza kuti n'kachabe, Windows n'kugona osadzukanso. Inu munayamba mwakopera zonse za mu D pa disiki yanu yapadera, munatsegula mafayilo angapo kuti muone ngati akoperekadi, kenako munaphwasula D n'kumanga pamalopo patishoni yotambasuka, imene mkati mwake mumalowa zina zambiri. Mmenemo munabwezeramo D, n'kuikamo ext4 ya antiX ndi kachigawo ka swap kothandizira RAM ikachepa.

Ndikuthokozanso pondionetsa GRUB, mndandanda uja umene umaoneka kompyuta ikangoyaka n'kundifunsa kuti lero ndilowa kuti. Munandichenjeza tsiku lomwelo kuti GRUB sakhala malo amodzi: kachidutswa kake koyamba kali mu MBR, kena kali pampata wotsatira, koma mafayilo ake ambiri ali mu patishoni ya Linux. Munanenanso kuti sisitimu iliyonse ikamaikidwa mwatsopano imalemba zake pamalo oyambawo, choncho tsiku lina ndikadzaikanso Windows mndandandawo udzasowa, koma antiX adzakhala alipo ndithu, akungodikira kuti njira yomufikira ibwezeretsedwe.

Sindidzaiwala mmawa uja wa mu Juni, kuzizira kwa kwathu ku Tsangano kutafika pachimake, zala zikukanika kugwira choko. Mwana wa achemwali anga amene ndinkakhala naye anafuna malo oika nyimbo. Anatsegula mmene Windows amaonetsera mapatishoni, napeza imodzi yopanda dzina, yopanda chilembo, yolembedwa kuti mulibe kanthu. Windows payekha sawerenga ext4, ndiye kwa mwanayo malowo anaoneka ngati angokhala. Anaifafaniza. Usiku umenewo kompyuta inagwirabe ntchito, kenako magetsi anazima, batire n'kutha asanaikemo nyimbo ngakhale imodzi. Kutacha, sikirini inali yakuda bii, ndi mizere iwiri yokha: error: no such partition, ndipo m'munsi mwake grub rescue>.

Mmenemo munali malikisi a Fomu 4, mapepala a mayeso a MSCE a zaka zam'mbuyo amene ndinawasonkhanitsa limodzilimodzi, ndi mapulani a maphunziro a teremu yonse. Munalinso zithunzi za malemu bambo anga akuvina ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo, chishango kudzanja lamanzere, nthenga kumutu. Zithunzi zimenezo kunalibe kwina kulikonse. Munthu woyamba amene ndinamuonetsa anayang'ana kamodzi n'kunena kuti disiki yapsa mutu, tiyifomate, madzulo ikhala ikuyenda.

Zikomo chifukwa cha mawu anu pafoni. Simunandilonjeze kanthu. Munangoti, "Izimitseni, musaikemo chilichonse, musalole aliyense kuikamo chilichonse. Bwerani nayo." Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Tsangano Turn-off, n'kudikira minibasi pamsewu wa M1 pakati pa madengu a kabichi ndi tomato, laputopu ili m'chikwama pachifuwa.

Ndimakumbukira mmene munaikhazikira pabenchi. Simunaitsegule m'mimba. Pa grub rescue pomwepo munalemba zilembo ziwiri, ls, ndipo makina anayankha ndi mndandanda: (hd0), (hd0,msdos1), (hd0,msdos2) ndi zinzake. Munawerenga ndi chala pasikirini, mukuyerekeza ndi zimene munalemba m'kope lanu tsiku loika antiX. Imodzi inasowa. Munati disiki ili moyo, poti ikuyankha. Chimene chavuta n'chakuti GRUB akufuna mafayilo ake pamalo amene kaundula sakuwatchulanso, ndipo poti iye ndi amene amatsegulira onse awiri, Windows nayenso watsekeredwa ngakhale alibe vuto.

Zikomo chifukwa cha fulashi yanu yomangidwa ndi kachingwe ka buluu, mmene mumakhala Puppy Linux. Munadina batani losankhira poyambira, makina anadzukira pa fulashiyo, Puppy analowa yense mu RAM osakhudza disiki yanga, ndipo atafika anauwa kawiri m'sipika. Mayi amene ankadikira foni yawo pabenchi anadzidzimuka n'kuseka, inenso ndinaseka koyamba tsiku limenelo. Munandiuza kuti ichi n'chifukwa chake mumamukonda: munthu amatha kuyang'ana disiki yovulala ali panja pake, osalembapo kanthu.

Ndikuthokoza chifukwa cha kudekha kwanu pamene TestDisk, pulogalamu yofufuza mapatishoni otayika, ankafufuza. Kufufuza kwachangu sikunakukhutitseni, ndiye munasankha kozama kuja koyenda disiki yonse, manambala akukwera pang'onopang'ono. Ine mtima unali m'mwamba. Inu munatenga foni ya mayi aja n'kuyamba kuisintha pochajira, ndipo muli chiweramire munati: "Aphunzitsi, mwana uja wangozula nkhadze ya m'malire. Mbatata ili m'nthaka momwemo. Bola munthu asalimepo tisanapeze pamene malire anadutsa." Kufafaniza patishoni kumachotsa dzina lake m'kaundula, koma mafayilo amakhala pamene anali mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene munandiletsera kuikamo kanthu.

Zikomo chifukwa cha chilembo P. Mzere wa patishoni yotayika utaoneka, simunathamangire kuulemba m'kaundula. TestDisk amapezanso zotsalira za mapatishoni akalekale, ndipo kusankha yolakwika kukhoza kuononga imene ili bwino. Munauunikira mzerewo, munadina P, ndipo mayina a mafoda anga anatsika pasikirini: FOMU4, MAYESO, NKOLIMBO. Munandiuza kuti ndiwerenge ndekha n'kuvomereza kuti ndi angadi. Kenako munakopera onse pa disiki yanu yapadera, ndipo mutamaliza m'pamene munabwezera patishoniyo m'kaundula, munaikanso GRUB, n'kulemba update-grub. Mndandanda unabwerera, antiX pamwamba, Windows 7 m'munsi. Chithunzi choyamba chimene ndinatsegula chinali cha bambo, ndipo inu munatembenukira kumsewu kuti ndipukute m'maso mwaufulu.

Ndikuthokozeni mwapadera chifukwa cha mwana uja. Munandiuza kuti ndidzabwere naye, ndipo iye anabwera akunjenjemera, akuyembekeza kukalipiridwa. Munamukhazika pampando wanu, munamupatsa disiki yakale yopanda ntchito, n'kumuuza kuti apange mapatishoni ndi GParted, awafafanize, awapezenso yekha ndi TestDisk. Munamuuza kuti amene saopa kutsegula zinthu ndi amene amadzakhala mmisiri, chofunika adziwe kufunsa asanadine. Pano akatsekera sukulu amakhala pakhonde panu, ndipo mawu akuti ext4 amawatchula ngati anabadwa nawo.

Zikomo chifukwa cha maola awiri amene ankandisowa. Ndikachoka mu antiX n'kulowa mu Windows, wotchi inkabwerera m'mbuyo ndi maola awiri ndendende, mpaka ndinayamba kukayikira batire. Munaseka n'kufotokoza kuti Linux amakonda kusunga nthawi ya UTC pa wotchi ya m'makina, pamene Windows amaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Munatsegula kafayilo kotchedwa adjtime, pamene panalembedwa UTC munalembapo LOCAL, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndimakumbukiranso laputopu yatsopano ya mnzanga wa kuntchito, imene tinabwera nayo poganiza kuti muchita zomwe zija. Munati iyi ndi mbadwo wina. Imadzuka ndi UEFI, kaundula wake ndi GPT, amene mwachizolowezi amalola mapatishoni 128 ndipo amasunga kope lachiwiri kumapeto kwa disiki. Munatilozera kapatishoni kakang'ono ka FAT32 kotchedwa ESP, mmene sisitimu iliyonse imaika kafoda kake kodzukira, n'kutiuza kuti kameneko tisadzakakhudze. Munatifotokozera za Secure Boot, imene inafala ndi Windows 8 mu 2012, yokana kudzutsa sisitimu yopanda chidindo chimene ikuchidziwa. Munatsindika kuti Windows ndi Linux onse awiri aikidwe mwa njira imodzi, chifukwa mmodzi akaikidwa mwa UEFI wina mwachikale, GRUB samuona mnzakeyo.

Zikomo kuti pa laputopu yomweyo munathetsa zinthu ziwiri zimene zikanatizunguza mutu mpaka kutaya mtima. Choyamba, Linux ankawerenga mafayilo a ku Windows koma ankakana kulembako. Munati Fast Startup sazimitsa Windows kwathunthu, amangomugoneka, ndipo Linux akapeza patishoni ya Windows ya NTFS ili m'tulo totero amaopa kuigwira kuti angaononge. Munaichotsa, zinthu n'kumasuka. Chachiwiri, Windows sankaoneka pamndandanda. Munati kuyambira pa GRUB 2.06 wa mu 2021, kapulogalamu kofufuza masisitimu ena kotchedwa os-prober kamabwera kali kozimitsidwa, ndipo munawonjezera mzere umodzi m'fayilo ya makonzedwe kuti kayambenso ntchito.

Ndikuthokoza chifukwa cha kabatire kaja konga ndalama yachitsulo. Kompyuta yapatebulo ya mu ofesi yathu inkaiwala tsiku ndi chaka magetsi akazima, n'kuyamba kufunafuna poyambira polakwika. Tinali titayamba kale kukambirana zosonkha ndalama ya disiki yatsopano. Munatumiza uthenga wa mawu ochepa: gulani CR2032, muchotse yakale ndi chikhadabo, chizindikiro chophatikizira chiyang'ane kumwamba. Mukanatha kutiitanitsa ndi kompyuta yonse mpaka pa boma n'kutilipiritsa ngati ntchito yaikulu.

Zikomo ponena zoona za disiki yanga ngakhale sindinafune kuzimva. Mutaibwezeretsa munayang'ana zimene disiki imalemba yokha za thanzi lake, zotchedwa SMART, n'kuona kuti malo ena owonongeka anali atayamba kale kusinthanitsidwa ndi osungira. Munati tsiku limenelo tapulumuka chifukwa vuto linali la kaundula, koma disiki ikadzafa yokha TestDisk sadzatithandiza. Munandikakamiza kugula fulashi ziwiri, ina yokhala kunyumba, ina kusukulu. Zithunzi za ku Nkolimbo pano zilinso kwa achemwali ku Balaka.

Pali zina zimene ndinakukhululukirani kalekale, ndipo ndikuzitchula kuti mudziwe kuti sindinazisunge. "Bwerani mawa" wanu nthawi zina amatenga sabata. Foni yanu imatha kusowa tsiku lonse, ndipo mukapezeka mumati munali kumunda chakumalire ndipo inakoka netiweki ya ku Mozambique, zimene ife a ku Tsangano sitingatsutse poti zimatichitikiranso. Mukayamba kufotokoza mumathamanga ngati tonse tinaphunzira nanu limodzi. Zolemba zanu n'zovuta kuwerenga, moti l ndi 1 zimafanana, ndipo pa malamulo a kompyuta kusiyana kwake n'kwakukulu. Koma ndinaonanso chimene chimakuchedwetsani: simubweza kompyuta musanaizimitse ndi kuiyatsa kangapo, kulowa uku ndi uku, kufikira mutakhutira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife odikira pabenchi timaphunzira nawo.

Zikomo chifukwa cha kope la masamba 40 limene munandiuza kuti ndigule pagolosale yoyandikana nanu. Munandilembetsa ndi dzanja langa: ls kuti uone mapatishoni, set root ndi set prefix kuti uuze GRUB kumene kuli mafayilo ake, insmod normal, kenako normal. Patsamba loyamba munandijambulitsa disiki yanga yonse, patishoni iliyonse ndi kukula kwake ndi mtundu wake. Chaka chatha mphunzitsi wa sukulu yoyandikana nafe anabwera ndi sikirini yakuda yomwe ija. Kwa iye patishoni inalipo, inangosintha nambala atagawanso disiki. Ndi kope limenelo tinaidzutsa tili m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo sanakwere minibasi.

Ndikuthokozanso pondidziwitsa anthu amene sindidzawaona. Munandiuza za Linus Torvalds, amene anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Za Christophe Grenier wa ku France, amene analemba TestDisk mu 1998 n'kumupereka kwa aliyense. Za Barry Kauler wa ku Australia, amene anatulutsa Puppy mu 2003. Munandionetsa CD yanu yoyamba ya Ubuntu, ya masiku amene kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inkatumiza ma CD ulere papositi kulikonse padziko, mpaka inasiya mu 2011. Mumaisungabe m'kabati ngakhale ili ndi mikwingwirima. Munandikumbutsanso kuti zimenezi si zachilendo kwathu kuno, poti makompyuta odina pasikirini amene a Baobab Health anayamba nawo pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anadzamangidwa pa mapulogalamu aulere ngati amenewa. Ngati kalatayi ingawafike mwa njira ina, nawonso alandire zikomo wochokera ku Ntcheu.

Zikomo chifukwa cha mtengo umene munanditchulira tsiku la zithunzi lija. Munaona nkhope yanga, munadziwa kuti ndikanapereka chilichonse, koma munatchula ndalama yomwe mumatchulira aliyense. Nditawonjezera munabweza. Ndowa ya mbatata ya kachewere imene ndinakutumizirani pambuyo pake munailandira, ndipo ndinamva kuti theka munagawira mayi wogulitsa mandasi amene amakuyang'anirani katundu mukachokapo.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikulinena pano kuti anthu akhale mboni. Ana a kalabu ya kompyuta kusukulu kwathu amva zambiri za inu, ndipo tasonkhanitsa madisiki akale atatu oti aphunzirirepo kugawa, kufafaniza ndi kupezanso. Bwerani teremu ikubwerayi, Lachisanu lililonse limene mungasankhe. Za thiransipoti tikonza ife, nsima mudzadya kwathu. Mutenge fulashi ya kachingwe ka buluu, ndipo muvale juzi, kuno si pa boma.

Ndine wanu wothokoza,
Mphunzitsi wa masamu wa ku Tsangano